Cimene cimagogoda pansi pa mpando wa kumbuyo

Aliyense amene amakwela minibasi ya ku Chilenje adziwa cifukwa cake anthu amathawa mpando wa kumbuyo. Pa hampu iliyonse pamamveka "gu!", msana n'kulandila zonse, kondakita ali phee monga sanamve. Kwa zaka zambili ndinali kuganiza kuti ndiye mmene basi imakhalila. Amene anandisintha maganizo ndi amalume anga, na kamotoka kawo kakale ka mipando iwili cabe.

Motoka yawo ndi MGB, ija yopanda denga lolimba. Motoka zimenezi zinali kupangidwa ku Abingdon, m'dziko la England, kuyambila mu 1962 mpaka 1980, ndipo zinapangidwa zoposa 500,000. Amalume anagula yawo kalekale kwa mzungu wina amene anali kucoka ku migodi kubwelela kwawo. Imakhala pansi pa mtengo wa mango, yophimbidwa na tenti, ndipo imatuluka pa Sondo cabe.

Mwana wawo wamkazi anali pafupi kukwatiwa, ndipo amalume anamulonjeza kuti adzamupeleka okha ku chalichi m'motoka imeneyo. Koma motoka inali itakhala pansi mbali ya dalaivala monga mpando wothyoka mwendo, ndipo kumbuyo kunali kugogoda. Azakhali ananena mosabisa kuti ikawacititsa manyazi pa ukwati, iyenela kugulitsidwa. Kunatsala milungu itatu.

"Iwe mtolankhani, bwela pa Ciwelu unigwilile toci," anatelo pa foni. Ndinapita na malaya oyela, ndipo malayawo sanayelenso.

Titagona pa makatoni n'kuyang'ana pansi, ndinadabwa kuona kuti zinthu zake n'zocepa. Pali ekiselo, mtanda wacitsulo umene umagwila mawilo awili a kumbuyo. Mbali iliyonse muli sipuling'i ya zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana, yopindika monga uta. Kutsogolo imamangidwa na bauti imodzi, kumbuyo imalendewela pa kacitsulo kogwedela kamene amakanika amati shako, ndipo pakati imamangidwa ku ekiselo na mabauti awili opindika monga cilembo ca U. Paliponse pamene citsulo cikumana na cinzake pali mphila, imene amati bushi. Amalume anazonda bushi imodzi na sikuludalaiva, ndipo inanyenyeka monga makala.

"Waona? Mphila ikatha, citsulo cimamenya citsulo. Ndiye 'gu!' wako uja wa mu basi."

Sanali kuseka. Hiace imene timakwela tsiku lililonse ili na ekiselo na masipuling'i a mtundu womwewo kumbuyo. Kusiyana kwake kuli pa mashoko. A Hiace ndi aja ataliatali odziwika, pamene a MGB ndi kabokosi ka mafuta kokhala na mkono umene umakwela na kutsika. Nchito yake ndi imodzi: kuletsa motoka kudumphadumpha ikadutsa pa bampu. Shoko yakufa imacititsa kuti tayala lizilekana na msewu, ndipo tayala limene silinagunde pansi bwino silimva mabuleki.

Tisanagwile sipanala, tinayamba takangana. Ine ndinatola njelwa za simenti kuti tikhazikepo motoka, monga mmene timaonela m'mbali mwa misewu. Amalume anandiyang'ana monga ndatukwana.

"Bweza izo. Buloko imaphwanyika osakuuza. Nifuna ukavine pa ukwati, osati tikulile."

Anatseka mawilo a kutsogolo na matabwa, anakweza motoka na jeke, n'kuikhazika pa masitandi acitsulo awili. Jeke anaisiya pansi pa ekiselo kuti inyamule kulemela kwake, cifukwa sipuling'i imakhala yokanikizika, ndipo ukaimasula mosasamala imakumenya.

Masipanala anga ogula m'tauni sanagwile nchito. Motoka za ku Britain za nthawi imeneyo zili na manati a mainchi, osati mamilimita. Sipanala ya 14 imaoneka ngati ilowa pa nati ya 9/16, koma imakana, ndipo ya 15 imatelela n'kudya makona. Amalume ali na bokosi lawo la masipanala akale limene sabweleketsa ngakhale kwa m'busa.

Manati a pakati na shako anamasuka mosavuta, cifukwa amalume anali atawathila mafuta omasula dzimbili kwa masiku atatu. Vuto linali bauti ya kutsogolo. M'kati mwa bushi muli kapaipi kacitsulo, ndipo pa zaka zonsezi dzimbili linagwilizanitsa bauti na kapaipiko kukhala cinthu cimodzi. Nati inacoka, koma bauti inakana. Tinamenya na hamala mpaka aneba anayamba kusuzumila pa mpanda. Wina wowochelela mageti anabwela n'kunena kuti aiwoche na moto wa gasi, ni maminiti awili cabe. Amalume analoza thanki ya petulo na mapaipi ake, zonse zili komweko kumbuyo, ndipo mnyamatayo anabwelela yekha.

Tinaidula na sowo yodulila zitsulo, mbali zonse ziwili za sipuling'i, pamalo opanikiza pamene dzanja limayenda pang'ono cabe. Tinasinthana kwa maola awili. Azakhali anabweletsa nsima na kapenta, n'kuima pakhomo manja ali m'ciuno, osanena kanthu.

Masipuling'i atsopano na mabushi anacokela ku Johannesburg pa basi, cifukwa m'masitolo a masipeya amene amalume anayendamo mu Lusaka anali kungofunsidwa kuti MGB ni ciani. Ndalama yake inandiwawa ngakhale sinali yanga. Ndinafunsa cifukwa cake sanagule imodzi, popeza mbali imodzi ndiyo inagwa. Anati yatsopano na yotopa sizinyamula mofanana, motoka imapendama ndipo imakhota mosiyana kumanja na kumanzele. Apa m'pamene eni mabasi ambili amadulila njila, kusintha citsulo cimodzi cothyoka n'kubweza basi pa msewu tsiku lomwelo. Sindiwaweluza kwambili, cifukwa basi ikagona ndiye kuti dalaivala na kondakita sadya. Koma amene amakhala pamwamba pa citsulo cimeneco ndi ise.

Cinthu comaliza cimene ndinaphunzila n'cakuti mabauti a mabushi samangidwa zolimba motoka ili m'mwamba. Umayamba waitsitsa, iime pa mawilo ake, uigwedeze, ndiye umange. Ukamanga ili m'mwamba, mphila imapotoka motoka ikatsika ndipo imang'ambika msanga. Mbali yaciwili tinaimaliza Ciwelu cotsatila. Bauti yake inatuluka na cala cabe, ndipo amalume anaitukwana cimodzimodzi.

Pa tsiku la ukwati motoka inaima mowongoka. Mkwatibwi anavutika kulowetsa dilesi m'kampando kaja, ndipo anthu a pa sitesheni ya mabasi anaimba mluzu pamene inali kudutsa. Azakhali sanachulenso zogulitsa, angakhale kuti manje akuti pansi pa mango pakudontha oilo.

Pa Mande ndinakwela basi pa Kulima Tower, ndipo mpando unatsala unali wa kumbuyo. Pa hampu yoyamba panamveka "gu!". Ndinauza kondakita kuti mabushi a kumbuyo anatha.

"Ba sister, ndimwe amakanika?" anatelo, dzanja lili kale pamaso panga. "Lipilani cabe."