MPIRA WA RUGBY NDI BASALE YA ANA A SUKULU

Madzulo ano tikambirana za masewera a ana a sukulu, makamaka mpira wotchedwa rugby.

Ena a inu simunauonepo. Mpirawo uli wonga dzira. Mbali iyi kukhala anthu 15, mbali inayo 15. Amaunyamula m'manja nathamanga nao, ndipo mdani aloledwa kugwira wonyamulayo ndi kumgwetsa pansi. Kuno kwathu useweredwa m'masukulu owerengeka okha, koma mlandu umene wautsa m'maiko ena ukhudzanso ana athu a mpira wa miyendo ndi wa manja.

Mlanduwo ndi wa basale, ndiye kuti sukulu yolemera iitana mwana waluso, nimlipirira fizi, chakudya ndi pogona, kuti iye aziisewerera. Kodi ichi ndi chabwino kapena choipa? Imvani nkhani ziwiri.

Yoyamba ndi ya Siya Kolisi wa ku South Africa. Anabadwa mu 1991 m'komboni ya Zwide, pafupi ndi Port Elizabeth, mzinda umene tsopano utchedwa Gqeberha. Analeredwa ndi agogo ache mu umphawi. Ali ndi zaka 12 anthu anaona luso lache pa mpikisano wa ana, nampatsa basale imene inamfikitsa ku Grey High School. Mu 2018 anakhala munthu wakuda woyamba kuikidwa kaputeni wa timu ya dziko lache, ndipo anaitsogolera potenga chikho cha dziko lonse mu 2019 ndi mu 2023. Apa basale inatola mwana akali wamng'ono, nimlera, nimphunzitsa.

Yachiwiri ndi ya ku Auckland, m'dziko la New Zealand. Kumapeto kwa 2018 masukulu 10 anakana kusewera ndi St Kentigern College, chifukwa inakopa ndi basale anyamata 5 amene anali kale m'matimu akulu a masukulu ena. Oweruza anapeza kuti sukuluyo sinaswe lamulo la mpikisano. Komabe pomaliza inavomera kuti anyamata atsopanowo ayambe akhala pambali masewera angapo asanalowe m'bwalo.

Inu alimi mudzamva msanga chimene chinawawa anzaowo. Munthu wandarama akagula chimanga chokhwima m'munda mwa mnzache, napita nacho ku chionetsero cha zaulimi kukalandira mphotho, kodi tidzamutcha mlimi? Ai ndithu. Sukulu imene inalima yatsala ndi mapesi, ndipo ana ache ataya mtima pogonja chaka ndi chaka.

Chifukwa chache mpikisano wolungama ufuna malamulo awiri. Loyamba, mwana wosamukira ku sukulu yina chifukwa cha mpira adikire nthawi asanasewere. Lachiwiri, ana apikisane ndi anzao a msinkhu wao. Mu rugby ili ndi lamulo losunga moyo, pakuti mnyamata wa zaka 19 akagwera wa zaka 14 angathe kumthyola khosi.

Pa lamulo lachiwirili mpamene pali nchito yanu, mafumu. Kuyambira mu 2015 Boma lifuna kuti mwana aliyense wobadwa alembedwe m'kaundula, ndipo wobadwira pakhomo ndinu amene mumchitira umboni. Wina akadza kwa inu kuti muchepetse zaka za mwana wache, kanani. Mukavomera mwalanda malo a mwana wina wa m'mudzi mwanu momwemo. Ndiponso bodzalo silikhalitsa: kuyambira mu 2009 bungwe la FIFA liunika mafupa a dzanja ndi makina pa mpikisano wa anyamata osapitirira zaka 17.

Tsono tinene kuti mlendo wafika pakhomo panu ku Nancholi, pa mseu wa ku Chikwawa, nati waona mwana wanu ali kusewera ndipo afuna kumtengera ku sukulu yabwino. Musamthamangitse, komanso musafulumire kuomba m'manja. Mkhazikeni pansi, muitane amalume a mwanayo ndi aphunzitsi akulu, ndipo mumfunse zitatu izi. Kodi mwanayu akathyoka mwendo, basale idzapitirira? Kodi adzakhala m'kalasi masiku onse kufikira atalemba mayeso a Fomu 4? Kodi mau onsewa alembedwa pa pepala, pamaso pa mboni? Mlendo woona sadzaipidwa nao mafunsowa.

Luso lilipo m'midzi mwathu. Mwai Kumwenda wa ku Mzimba anayamba mpira wa manja wopanda nsapato, ndipo mu 2015 ku Sydney anasankhidwa wosewera woposa onse pa chikho cha dziko lonse. Koma ofika pamenepo ali ochepa, ndipo mphamvu za miyendo zimatha munthu akali mnyamata. Chotsala naye ndicho chimene anaphunzira m'kalasi.