Citsulo ca kumwamba kapena ca m'ng'anjo: akatswiri amasiyanitsa bwanji?

Alimi a m'dera la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, m'boma la Chongwe, nthawi zina amafukula m'minda zidutswa za makasu akale kapena miyala yakuda yolemera. Ena amafulumira kunena kuti zinagwa kucokera kumwamba.

Citsulo cotere cilikodi. Mu 2016, akatswiri anayeza mpeni wa Tutankhamun, mfumu ya ku Egypt imene inamwalira zaka zoposa 3,300 zapitazo, ndipo anatsimikiza kuti unasulidwa ndi citsulo cogwa kucokera kuthambo. Ku Namibia, anthu a mtundu wa Nama anali kusula zida ndi zidutswa za mwala wa Gibeon.

Cizindikiro coyamba ndi nickel. Citsulo ca kuthambo cimakhala ndi nickel wosacepera magawo 5 pa 100 alionse, pamodzi ndi cobalt pang'ono; mpeni wa Tutankhamun uli ndi magawo pafupifupi 11. Citsulo cosungunulidwa m'ng'anjo kawirikawiri cimakhala ndi nickel wocepa kwambiri. Makina a XRF amayeza zimenezi mwa kungowalitsa kuwala kwa X-ray pamwamba pa cinthuco, osacidula.

Vuto ndi dzimbiri. Cinthu cikakhalitsa m'nthaka, nickel wa pamwamba amasuluka, ndipo muyezo ungasoceretse. N'cifukwa cake mu 2017 Albert Jambon wa ku France anasonyeza kuti ndi bwino kuyerekezera citsulo, nickel ndi cobalt zonse pamodzi.

Ng'anjo nayo imasiya cidindo cake: tinyenyeswa ta zotsalira za miyala yosungunuka timatsekereka m'kati mwa khasu kapena nkhwangwa, ndipo timaoneka pa makina okuza zinthu.

Kuno kwathu umboni ukuloza ku ng'anjo. Ku Kapwirimbwe mu Lusaka, David Phillipson anafukula m'zaka za m'ma 1960 mudzi umene anthu ake anali kusungunula citsulo zaka pafupifupi 1,500 zapitazo. Asoli nawonso anali odziwika pa nchito yosula. Conco mwala wakuda wokhala ndi timaenje ngati cisa ca njuci kawirikawiri ndi cotsalira ca m'ng'anjo; citsulo ca kuthambo sicikhala ndi timaenje totere m'kati mwake.

Wopeza cinthu cakale sayenera kuciphwanya, kucipala kapena kucigulitsa, popeza kutero kumafafaniza umboni. Lamulo la 1989 limafuna kuti adziwitse bungwe la National Heritage Conservation Commission, ndipo ndi cinthu canzeru kusunga cizindikiro pamalo pamene cinapezeka.