Foni yokumbutsa Swala ingathenso kuulula komwe muli

Dzuwa likamalowa pamsika wa Liwonde kapena wa Ulongwe, azana ya Magharibi simachokera pamzikiti pokha. M'matumba mwa ogulitsa nsomba ndi anyamata a kabaza, mafoni nawo amayamba kuitana, ina kutsogola pang'ono, ina kutsalira. Mapulogalamu amenewa alowa m'mabanja a Asilamu ku Machinga ndi Balaka mwakachetechete. Amatchula nthawi ya Swala, amaloza Qibla, ena ali ndi Qur'an yonse. Ambiri a ife sitinalipirepo kanthu, ndipo ndi ochepa amene anafunsapo kuti eni akewo amadya chiyani.

Mu Novembala 2020 atolankhani a Motherboard, nthambi ya Vice ku America, adaulula kuti pulogalamu ya Muslim Pro, yomwe anthu pafupifupi 98 miliyoni anali ataiika m'mafoni mwawo, inkatumiza uthenga wosonyeza malo omwe munthu ali ku kampani ya X-Mode. Ena mwa ogula uthenga kwa kampaniyo anali makampani ogwira ntchito ndi asilikali a dziko la America. Eni Muslim Pro adakanitsitsa kuti sadagulitsepo za anthu awo kwa asilikali, koma adalengeza kuti athetsa mgwirizano wawo ndi X-Mode. Munthu sathetsa mgwirizano womwe kunalibe. Mu Januwale 2021 nkhani yofanana idamvekanso pa pulogalamu ya Salaat First ndi kampani ya ku France ya Predicio.

Chopweteka pankhaniyi n'chakuti chilolezo chake timapereka ndi mtima woyera. Nthawi ya Fajr ku Ntaja si yofanana ndi ya ku Johannesburg, choncho pulogalamu ikapempha kudziwa komwe tili, pempholo limamveka lanzeru. Koma foni yomwe ikunena malo ake tsiku ndi tsiku imajambula moyo wonse wa mwini wake: nyumba yomwe amagona, mzikiti womwe amaswalirako Jumu'a, khomo lomwe amayendera usiku. Kwa m'bale wathu amene ali ku Joni mapepala ake asanalongosoke, zimenezi si zachibwana.

Kwathu kuno chiopsezo china chili pafupi kuposa apo. Achinyamata ambiri amakonda GB WhatsApp, yomwe amapatsirana foni ndi foni kapena kuikitsa kwa anyamata oika nyimbo pamsika. Imakopa chifukwa imalonjeza chinsinsi: kubisa kuti muli pa intaneti, kubisa kuti uthenga mwauwerenga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamuyi si ya kampani ya WhatsApp, ndipo eni WhatsApp amachenjeza kuti sangatsimikizire chitetezo chake, mwinanso amatseka nambala zoigwiritsa ntchito. Mwabisala kwa mlamu wanu, koma mauthenga a banja, zithunzi za ana ndi nkhani za ndalama zotumizidwa pa Mukuru mwazipereka m'manja mwa munthu yemwe dzina lake simulidziwa.

Ngakhale makampani odziwika ndi kusunga chinsinsi ali ndi malire. Proton Mail ya ku Switzerland inkatamandidwa kuti sisunga chizindikiro cha komwe munthu walowera pa intaneti. Mu 2021, akuluakulu a zamalamulo m'dzikolo atailamula, idapereka chizindikiro chotero cha womenyera ufulu wina wa ku France. Makalata ake sadawerengedwe, koma njira yomupezera idatseguka. Kampani imamvera malamulo a dziko lomwe ili, osati lonjezo la pachikwangwani chake.

Chisilamu chili ndi mawu ake pankhani ngati iyi: amana, chinthu chomwe munthu wasungitsidwa. Surah Al-Hujurat imaletsa kufufuza zobisika za anzathu. Tikamasankha nkhoswe kapena kukatula nkhawa za m'banja kwa Shehe, timayamba tadziwa nkhope yake, mudzi wake ndi mbiri yake. N'zodabwitsa kuti foni timaiuza zoposa zomwe tingauze Shehe, chonsecho wosunga amana imeneyo sitinamuonepo.

Malawi tsopano ali ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, ndipo udindo woliyang'anira uli ndi bungwe la MACRA. Ndi chiyambi chabwino, ngakhale kuti mayi wa ku Nsanama sangathe kuthamangitsana ndi kampani ya kutsidya la nyanja. Chomwe angathe chili m'manja mwake momwemo. Mapulogalamu ambiri a Swala amalola kulemba dzina la tawuni pamanja, monga Liwonde kapena Balaka, kenako n'kutseka chilolezo cha malo m'foni. Nthawi zake zimatulukabe. WhatsApp yeniyeni imapezeka pa Play Store, ndipo mwana wa kusekondale angathandize kuisiyanitsa ndi yachinyengo. Kwa amene foni yawavuta, ndandanda wa nthawi za Swala ukadali pakhoma la mzikiti, ndipo muazini akadaitanabe kasanu pa tsiku.