Ubongo wa amene akumwa ma ARV: chipsera chakale, osati bala latsopano

Mankhwala otalikitsa moyo a ma ARV asintha mbiri ya HIV. Anthu amene kale akadamwalira m'zaka zochepa lero akukalamba ndipo akulera zidzukulu. Komabe ena mwa iwo, ngakhale amamwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi, amadandaula za kuiwalaiwala, kuchedwa kuganiza ndi kulephera kuika mtima pa ntchito imodzi. Kodi kachilomboka kamapitiriza kuononga ubongo mwakachetechete?

HIV imafika mu ubongo m'masabata oyambirira munthu akangoitenga. Imalowa itabisala m'maselo oyera a magazi, n'kukhazikika m'maselo amene ntchito yawo ndi kuteteza ubongo. Maselo amene munthu amaganizira ndi kukumbukira siwalowa mwachindunji, koma amavulala ndi kutupa kumene kumabuka pamene thupi likulimbana ndi kachilomboka. Kutupako kukakhalitsa, mbali zina za ubongo zimafota.

Chisanafike chaka cha 1996, pamene madokotala adayamba kupereka ma ARV angapo pamodzi, odwala Edzi ambiri ankasokonekera mutu kotheratu, mpaka kulephera kuyenda ndi kudzisamalira. Masiku ano vuto lalikulu chotere silionekaoneka. Kafukufuku wa CHARTER wa ku America, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2010, adayeza anthu 1,555 ndipo adapeza kuti awiri okha pa 100 alionse ndiwo adali nalo. Koma pafupifupi theka la anthuwo silidakhoze bwino mayeso a kukumbukira ndi kuganiza, ngakhale kuti ambiri mwa iwo sankaona chovuta chilichonse pa moyo wawo wa tsiku ndi tsiku.

Chiwerengero cha thekachi chidadzetsa mkangano. Akatswiri ena amati muyeso umene udakhazikitsidwa mu 2007 umagwira ndi anthu abwinobwino omwe. Munthu amene sadapite patali ndi sukulu, kapena akuyesedwa m'chilankhulo chachilendo, akhoza kulephera mayeso ubongo wake uli bwino. N'chifukwa chake mu 2023 gulu la akatswiri a m'maiko osiyanasiyana lidalangiza kuti madokotala asamadalire mayeso okha, koma azimvanso zimene wodwala ndi abale ake akuona.

Nanga za kufota kwa ubongo? Makina a MRI, amene amajambula m'kati mwa mutu, athandiza kuyankha. Akatswiri a ku McGill University ku Canada ndi anzawo a ku America adatsatira kwa zaka ziwiri anthu 48 amene mankhwala adali atagonjetsa kachilombo m'magazi awo, n'kuwayerekeza ndi anthu 31 opanda HIV. Pachiyambi pomwe, mbali zina za ubongo wa anthu a HIV zidali zocheperako, ndipo sadakhoze mayeso mofanana ndi anzawo. Koma m'zaka ziwirizo ubongo wa magulu onse awiri udasintha mofanana. Kafukufuku wina wa COBRA, wa ku Amsterdam ndi London, adapezanso zomwezo.

Tanthauzo lake n'lakuti kufotako, kwakukulu, ndi chipsera cha nthawi imene munthu adakhala ndi kachilombo asadayambe mankhwala. Kafukufuku wambiri waonetsa kuti amene chitetezo chawo, chija amati CD4, chidatsikitsitsa asadalandire chithandizo ndiwo amakonda kupezeka ndi ubongo wofota. Mankhwala sabwezeretsa zonse zimene zidaonongeka, koma amaimitsa kapena kuchepetsa kwambiri kuonongekako. Apa mpamene mawu akuti m'mera mpoyamba akupherezera.

Ku Malawi, kumene anthu pafupifupi 1 miliyoni ali ndi HIV, nkhaniyi ndi yapakhomo. Ma ARV aulere adayamba mu 2004, ndipo ambiri amene adawalandira m'zaka zoyambirirazo adayamba atadwalika kale. Kuyambira mu 2016, aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti chitetezo chitsike. Mu 2019 dziko lidayambanso kusamutsa anthu kuchoka ku mankhwala okhala ndi efavirenz, amene ena ankawachititsa chizungulire ndi maloto oopsa, kupita ku okhala ndi dolutegravir.

Si kuiwala kulikonse kumene kumachokera ku HIV. Kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, fodya, mowa, kusowa tulo ndi kuvutika maganizo zonse zimafooketsa ubongo, ndipo zambiri mwa izi zili ndi chithandizo. Munthu amene wayamba kuiwala kumwa mankhwala, kusokoneza ndalama pa malonda ake kapena kusochera m'njira imene amaidziwa ayenera kuuza dokotala wake kuti amuyeze kuchuluka kwa kachilombo pamodzi ndi matenda enawa. Kuiwalako kukasiyidwa, munthu amayamba kudumphitsa mankhwala, ndipo kachilombo kamapeza mpata wobwerera ku ubongo.