Ndalama Ikadwala Nyamakazi

Lero tikambirana za nthenda imene ilibe chipatala, koma imagwira dziko lonse nthaŵi imodzi. Akatswiri amati ndi kubwerera m'mbuyo kwa chuma: zimene dziko limakolola ndi kupanga zimachepa, malonda amazizira, ndipo anthu amachotsedwa ntchito.

Mukafunsa pa msika wa Mitundu gwero la nthendayi, mayankho simusoŵa. Bambo adzaloza mkazi wake, ati amachulutsa mafuta m'ndiwo. Mayi adzaloza mwamuna wake, ati amadziŵa njira ya ku kachasu kuposa ya kumunda. Musaŵaseke msanga. M'zaka za m'ma 1870, katswiri wa ku England, William Stanley Jevons, analoza dzuŵa. Iye anati maŵanga ooneka pankhope pake amasokoneza nyengo, nyengo n'kuononga zokolola, malonda n'kugwa. Maŵangawo mlandu sunaŵagwere, koma kunena za nyengo mkuluyo sananame.

Tiyeni titsatire ndalama imodzi. Mlimi wa ku Mitundu wagulitsa fodya ku okushoni ku Kanengo, ndipo walipira wa ngolo. Wa ngolo wakonzetsa gudumu kwa mmisiri. Mmisiri wadya kanyenya. Wa kanyenya wasoketsa diresi la mkazi wake kwa telala wa ku Nathenje, ndipo telala wagula nyemba kwa mkazi wa mlimi uja. Ndalama ndi imodzi, koma yadyetsa mabanja asanu. Tsono mtengo wa fodya ukagwa, mlimi salemba ngolo, gudumu silikonzedwa, kanyenya amangokopa ntchentche, ndipo telala, amene sanasutepo ndi chingambwe chomwe, amayamba kufunsa za mitengo ya ku Kanengo ngati mwini chigafa. Ndalama yadwala nyamakazi, siikuyendanso.

Nanga imadwala bwanji? Choyamba ndi misika ya kunja. Malonda atagwa ku New York mu 1929, mitengo ya mbeu inatsika pa dziko lonse, ndipo alimi a fodya a m'boma la Lilongwe analira nawo maliro a mzinda umene sanaupondepo.

Chachiŵiri ndi mafuta ndi njira. Mu 1979 mtengo wa mafuta a galimoto unakwera kwambiri, ndipo mu 1981 chuma cha Malaŵi chinabwerera m'mbuyo. M'zaka zotsatira, nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi ku Nacala, katundu wathu nayamba kulambalala mpaka ku Durban, ngati mkamwini woopa kukumana ndi apongozi.

Chachitatu ndi mvula. Chilala cha 1992 chinachepetsa chuma chathu ndi magawo oposa 7 pa 100, ndipo chaka chomwecho maiko otithandiza anaimitsa gawo la thandizo lawo. Mu 1994 mvula inavutanso, Kwacha inagwa mphamvu, chuma n'kutsika ndi magawo pafupifupi 10 pa 100.

Chachinayi ndi mantha, ndipo ichi ndicho chochenjera koposa. John Maynard Keynes, m'buku lake la 1936, anaonetsa kuti ndalama imene iwe waononga ndiyo malipiro a mnzako. Mayi mmodzi akamanga mfundo pa chitenje, timati ndi wanzeru. Koma amayi onse a ku Mitundu ndi ku Nathenje akamanga mfundo tsiku limodzi, wa sitolo sagulitsa, amachotsa mnyamata wake, ndipo mnyamatayo ndi mwana wa mayi wanzeru uja. Mabanki nawo amaumitsa dzanja. Amakongoza ambulera m'chilimwe, n'kuilanda mvula ikayamba.

Kodi mlimi achite chiyani? Mitengo ya kunja sangailamule, mitambo sangaiitane. Koma angathe kugaŵa munda, kuti pambali pa fodya pakhale mtedza, soya ndi chinangwa. Angathe kuŵeta mbuzi, ndi kusiya chimanga chokwanira m'nkhokwe asanagulitse. Angathenso kukana katapila wobwerekera fodya amene akadali ku nazale, pakuti akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Ndipo mukamva kuti telala wa ku Nathenje watseka chitseko, musati n'zake zimenezo. Chaona mnzako chapita, maŵa chiona iwe.