UCAR CHITALU: WOMWETSA ZIGOLI AMENE ANASANDUKA MPHUNZITSI

Dzuwa likapendeka ku Kanakantapa, m'boma la Chongwe, makasu amaikidwa pansi ndipo anyamata amathamangira ku bwalo la mpira. Bwalolo ndi la fumbi, magoli ake ndi mitengo ya m'chire, ndipo ambiri amasewera opanda nsapato. Malo amenewa Boma linawatsegula m'caka ca 1988 kuti acinyamata osowa nchito m'matauni apatsidwe minda. Amene anafika kuno ali anyamata lero ndi azigogo, ndipo akakhala m'mbali mwa bwalo dzina limodzi silisowa pakamwa pao: Godfrey "Ucar" Chitalu. Adzukulu ao amangodziwa kuti munthuyu anali katswiri wa zigoli. Koma mbiri yake iri ndi mbali yaciwiri, ya uphunzitsi, imene iyenera kudziwika m'midzi yathu.

A Chitalu anabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, kudera la migodi. Anayamba kuchuka ali mnyamata m'timu ya Kitwe United. Anali ndi liwiro, mphamvu ndiponso mwendo woopsa, koma analinso ndi mtima wapacala. Kukangana ndi oimbira mpira sikunali kwacilendo kwa iwo. Tsiku lina woimbira atawafunsa dzina kuti awalembe m'buku, iwo anachula dzina la Denis Law, wosewera wa Manchester United, ndipo anaturutsidwa m'bwalo. Anthu anaseka, koma timu yao inatsala yoperewera munthu mmodzi.

M'kupita kwa zaka mnyamata waukali uja anaphunzira kuugwira mtima, ndipo luso lake linayamba kubala zipatso zeni-zeni. M'caka ca 1968 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'Zambia. Ulemu umenewu anaulandira kasanu konse: mu 1968, 1970, 1972, 1978 ndi 1979. Tikayang'ana zaka zimenezi tiona kuti kucokera pa ulemu woyamba kufika pa wotsiriza panapita zaka 11. Nkosadabwitsa tsono kuti anapatsidwa dzina lakuti Ucar, dzina la mabatire a wailesi amene ankadziwika kuti sakutha msanga.

Mu 1971 anasamukira ku Kabwe Warriors, timu ya anchito a njanji. Caka cotsatira, 1972, ndico cimene sicidzaiwalika. A Chitalu anamwetsa zigoli 107 m'nyengo imodzi ya mpira, ndipo Warriors inasesa zikho za m'dziko muno. Pamasewera a makalabu a mu Africa, Warriors inagonjetsa Majantja ya ku Lesotho ndi zigoli 9 kwa 0, ndipo zisanu ndi ziwiri mwa izo zinali za munthu mmodzi yemweyu. Pamene Lionel Messi anamwetsa zigoli 91 mu 2012, kupambana 85 za Gerd Müller wa ku Germany, bungwe la FAZ linakumbutsa dziko lonse lapansi za mwana wa ku Luanshya. Bungwe la FIFA linayankha kuti silisunga ciwerengero ca zigoli za m'maligi a maiko, motero silinatsimikize.

M'timu ya dziko a Chitalu anamwetsa zigoli 79, ndipo palibe wina wa m'Zambia amene wafikapo pamenepo. Anali m'gulu limene linapita ku Egypt mu 1974, motsogozedwa ndi mphunzitsi Ante Buselic wa ku Yugoslavia, pamene Zambia inafika mpaka kumasewera otsiriza a Cikho ca Africa ndi kugonja kwa Zaire atabwereza masewerawo. Mu 1980, ali ndi zaka 32, anasewera pa Olympic ku Moscow, ndipo zigoli ziwiri zimene Zambia inapeza kumeneko zinali zao.

Akatswiri ambiri akavula nsapato amazimirira, ndipo nzeru zao zimapita nawo. A Chitalu sanatero. Anakhalabe pafupi ndi bwalo, nathandiza pa nchito za timu ya dziko pansi pa a Samuel "Zoom" Ndhlovu. Kabwe Warriors itagwa m'ligi yaikuru, iwo anapatsidwa udindo woiphunzitsa, ndipo mu 1991 anaibweza pamalo pake, nalandira ulemu wa mphunzitsi wopambana wa caka cimeneco. Nchito ya mphunzitsi njosiyana ndi ya wosewera. Wosewera amadalira miyendo yake, pamene mphunzitsi amakhala pa benchi ndi kudalira miyendo ya ena. Afunika kuleza mtima ndi mwana wophonya cigoli coonekeratu, ndi kudzudzula waukali popanda kumuthyola mtima. Munthu amene kale anaturutsidwapo m'bwalo cifukwa ca pakamwa ankadziwa bwino kulankhula ndi mnyamata wotere.

Mu Disembala 1992 Zambia inagonja kwa Madagascar ndi zigoli 2 kwa 0 pamasewera opitira ku Cikho ca Dziko Lonse. Akuluakulu a mpira anapereka timu m'manja mwa a Chitalu, ndipo wowathandiza anali a Alex Chola, katswiri winanso wakale. Timu inadzuka. Inabwezera Madagascar mu Lusaka, nipitirira ku gawo lotsiriza la mpikisanowo. Pa 25 Epulo 1993 inagonjetsa Mauritius kwao komwe ndi zigoli 3 kwa 0, zonse zomwetsedwa ndi Kelvin Mutale.

Patangopita masiku awiri, usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo imene inanyamula timuyo kupita ku Dakar, m'dziko la Senegal, inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. A Chitalu anali ndi zaka 45, ndipo anali ataphunzitsa timu ya dziko kwa miyezi yosakwana isanu. Anagonekedwa pamodzi ndi ana ao a mpira pafupi ndi bwalo la Independence mu Lusaka. Mu 2012, mumzinda womwewo wa Libreville, Zambia inatenga Cikho ca Africa kwa nthawi yoyamba itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8 kwa 7. Bwalo la Warriors ku Kabwe tsopano limachedwa ndi dzina la a Chitalu.

Kucokera ku Kanakantapa kupita kumanda amenewo si ulendo wautali, pakuti mseu waukuru wa Great East umafika mu Lusaka. Koma ulemu woposa nkhata za maluwa ungaperekedwe pomwe pano. M'mudzi uli wonse muli bambo amene anasewerapo mpira kusukulu, kumigodi kapena m'timu ya pakampani. Anyamata a pa bwalo la fumbi ali nalo liwiro. Cimene akusowa ndi munthu wamkuru wowaphunzitsa kupatsirana mpira, kusunga nthawi ndi kumvera woimbira. Akusowanso wina wogwira kabuku ndi pensulo, wolemba tsiku la masewera ndi dzina la womwetsa cigoli, kuti mawa pasadzakhale mkangano wonga uja wa zigoli 107. Azibambo okhala m'mbali mwa bwalo, nyamukani mulowe m'kati, ana akudikira.