Khirisimasi M'dziko la Denmark

Kumpoto kwa Ulaya kuli dziko laling'ono dzina lake Denmark. Kumwera lichita malire ndi dziko la Germany, koma mbali zina zonse lazingidwa ndi nyanja yamchere. Mudzi wake waukulu ndiwo Copenhagen, kumene ikhala mfumu.

Mwezi wa Disembala, pamene kuno mvula iri kugwa ndi chimanga chiri kumera, ku Denmark ndi nyengo yachisanu. Mitengo yambiri yayoyola masamba, ndipo m'minda mulibe kanthu. Dzuwa lituluka itapitirira 8 koloko m'mawa, ndipo 4 koloko isanakwane lalowa kale, kotero kuti usana ukhala wa maora 7 okha. Chifukwa cha mdima umenewu anthu a kumeneko akonda kuwala koposa, ndipo miyambo yao yambiri ya Khirisimasi ndi miyambo ya makandulo.

M'chinenero chao Khirisimasi aitcha Jul. Dzinali ndi lakale ndithu. Makolo ao asanamve za Khristu ankachita phwando pakati pa chisanu, nalitcha Jul. Mlaliki Ansgar anafika kwao m'chaka cha 826, ndipo cha m'ma 965 mfumu yao Harald inabatizidwa. Dzina lakale lija linakhalabe, koma tsopano litanthauza chikondwerero cha kubadwa kwa Yesu.

Masiku Akuyembekezera

Kukonzekera kuyamba patatsala masabata anai. Mai wa m'nyumba aluka nkhata ya nthambi zobiriwira za mtengo wonga mkungudza, naimikapo makandulo anai. Lamulungu loyamba ayatsa kandulo imodzi, lachiwiri ayatsa awiri, chomwecho kufikira onse anai ayaka pamodzi. Ana naonso ali ndi kandulo yao yaitali, yolembedwa manambala kuyambira 1 kufikira 24. Tsiku liri lonse aiyatsa kufikira nambala ya tsikulo yasungunuka, ndipo pamenepo aizima. Ngakhale mwana wosadziwa kuwerenga masiku, akaona kanduloyo yafupika, adziwa kuti Khirisimasi yayandikira.

Pa 13 Disembala ndi tsiku la Lucia. Atsikana avala zoyera, nayenda mondondozana m'masukulu, m'zipatala ndi m'nyumba zosungira okalamba, makandulo ali m'manja, ali kuyimba. Wotsogola asenza nkhata ya makandulo pamutu. Mwambo umenewu unachokera ku Sweden, ndipo unayamba ku Denmark m'chaka cha 1944, pamene dzikolo linali m'manja mwa asilikali a Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Madzulo aataliwo banja likhala pa tebulo kudula mapepala okometsera mtengo wa Khirisimasi. Atenga pepala lofiira ndi loyera, nawaluka monga muja aluka dengu, ndipo patuluka kathumba kooneka ngati mtima, koikamo maswiti. Mtima wakale koposa umene anthu audziwa unalukidwa ndi Hans Christian Andersen, mlembi wa nthano za ana, cha m'ma 1860, ndipo usungidwa ku Odense, mudzi umene iye anabadwira. Mwambo wa mtengowo unachokera ku Germany. Mtengo woyamba m'Denmark unayatsidwa pa nyumba yaikulu ya Holsteinborg m'chaka cha 1808, ndipo ku Copenhagen m'chaka cha 1811. Pa nthambi zake akolowekaponso timbendera ta dziko lao, tofiira ndi mtanda woyera. Chizolowezi chimenechi chinakula itatha nkhondo ya 1864, pamene Denmark inagonjetsedwa ndi Prussia ndi Austria, nilandidwa maiko ake a kumwera.

Kamunthu ka Chipewa Chofiira

Anthu a ku Denmark ali ndi nthano ya kamunthu kotchedwa nisse. Ati nkakafupi, ka ndevu zaimvi ndi chipewa chofiira, ndipo kakhala kutsindwi kapena m'khola. Alimi akale ankakhulupirira kuti kamunthuko kamasunga ziweto zao. Chifukwa chake pa Khirisimasi ankakaikira mbale ya phala la mpunga, batala ali pamwamba. Akaiwala, ati kankapsa mtima ndi kuvutitsa ng'ombe usiku. Lero akulu adziwa kuti ndi nthano chabe, koma ana ena aikabe mbaleyo. M'mawa aipeza yopanda kanthu, ndipo mphaka ali pambali kunyambita milomo. Mabanja ena akumbukiranso mbalame, naimika panja mtolo wa mbeu yosapuntha yonga tirigu, pakuti m'chisanu mbalame zisowa chakudya.

Usiku Waukulu

Chimake cha chikondwerero ndi madzulo a pa 24 Disembala. Abale okhala kutali abwera kwao tsikulo lisanafike. Masana mabelu alira, ndipo matchalichi adzaza, pakuti tsiku limeneli afika ndi iwo omwe amene sanapondemo chaka chonse. Anthu ambiri a m'dzikomo ndi a mpingo wa Lutheran.

Kutada, banja likhala pa chakudya. Ena awotcha bakha, ena tsekwe, ena nyama ya nkhumba pamodzi ndi chikopa chake, chimene chiuma ndi moto kufikira chilira m'kamwa potafuna. Adyera pamodzi ndi timbatata ta kachewere tokazinga m'shuga ndi batala, ndi kabichi wofiira wowawasa pang'ono.

Pambuyo pake pabwera chakudya chimene ana achiyembekeza koposa, dzina lake risalamande. Ndilo phala la mpunga lozizira, losakaniza ndi mafuta a mkaka, shuga, ndi mtedza wa almond wodulidwa tizidutswa, ndipo pamwamba athirapo msuzi wa tizipatso tofiira ta cherry. M'mbale yaikuluyo mai abisamo mtedza umodzi wathunthu. Amene aupeza alandira mphatso, kawirikawiri kankhumba koumba ndi almond wosinja ndi shuga. Tsono apa pali kuchenjera. Wopeza mtedzawo saulula msanga. Aubisa m'tsaya, nakhala chete ngati sadziwa kanthu. Anzake apitirira kudya, ali yense ali kufunafuna ndi supuni m'mbale mwake, nayang'anitsitsa masaya a mnzake. Mbale yonse itatha ndi mimba zitafufuma, ndipo wochenjera uja aturutsa mtedzawo, ndipo nyumba yonse idzaza ndi phwete.

Atatha kudya, ana adikira m'chipinda china pamene atate ali kuyatsa makandulo a pamtengo. M'nyumba zambiri ayatsa makandulo a moto weniweni, ndipo munthu wanzeru aika ndowa ya madzi pafupi, chifukwa nthambi zouma sizichedwa kugwira moto. Pamenepo azima nyali zina zonse, natsegula chitseko. Mtengo uli kuwala pakati pa chipinda, nyenyezi iri pansonga pake, mphatso ziri patsinde.

Koma palibe wokhudza mphatso msanga. Poyamba onse agwirana manja, agogo, makolo, ana ndi alendo omwe, nazungulira mtengowo ali kuyimba. Nyimbo zambiri zimene ayimba zinalembedwa ndi mbusa N. F. S. Grundtvig, amene anabadwa m'chaka cha 1783 namwalira m'chaka cha 1872, ndi bwenzi lake B. S. Ingemann. Ayamba ndi nyimbo zofatsa za Mwana wobadwa ku Betelehemu, natsiriza ndi nyimbo yofulumira. Poyimba yotsirizayo mmodzi atsogola, ndipo mzere wonse uthamanga, osalekana manja, kulowa m'chipinda chiri chonse cha nyumbayo kufikira abwerera pamtengo ali wefuwefu. Atakhala pansi, mwana wamng'ono atola mphatso imodzi imodzi, napereka kwa mwini wake, ndipo onse apenyerera pamene iri kumasulidwa.

Pa 25 ndi pa 26 Disembala ndi masiku akupuma ndi kuchezerana. Abale aitanirana chakudya chamasana, nadya nsomba za m'nyanja zoviika m'vinyo wosasa, buledi wakuda ndi nyama zamitundumitundu.

Sitampa ya Ana Odwala

Pali chinthu china cha Khirisimasi chimene chinayamba ku Denmark ndi kufalikira kutali. Masiku akale nthenda ya chifuwa chachikulu inkapha ana ambiri a anthu osauka, ndipo mankhwala ake anali asanapezeke. Pa positi ya ku Copenhagen panali kalaliki wina dzina lake Einar Holbøll. Pa Khirisimasi ya 1903, poona kuchuluka kwa makalata amafuno abwino amene anapita m'manja mwake, analingalira kuti ngati wotumiza kalata ali yense akadagula kasitampa kena koonjezera ka mtengo wochepa, pakadapezeka ndalama zothandizira ana odwalawo.

Akulu a positi anavomera maganizo ake, ndi mfumu Christian IX yomwe. M'chaka cha 1904 sitampa yoyamba ya Khirisimasi inatuluka, iri ndi chithunzi cha mfumukazi Louise. Mtengo wake unali 2 øre, kandalama kakang'ono kamene ndi wosauka yemwe anatha kupereka. Anthu anaigula kwambiri chaka ndi chaka, ndipo m'chaka cha 1911 chipatala cha ana odwala chifuwa chachikulu chinatsegulidwa ku Kolding ndi ndalama zimenezo. Pambuyo pake anamanganso nyumba zina zosamalira ana ovutika. Maiko ena anatsanzira: Sweden m'chaka chomwecho cha 1904, ndi America m'chaka cha 1907.

Holbøll sanali munthu wachuma kapena wa udindo waukulu. Anagwira ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi maso openya, nakumbukira ana amene analibe mtengo wowala kapena phala la mpunga. Tindalama tating'ono ta anthu ambiri tinamanga chipatala chimene munthu mmodzi sakadatha kumanga, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mafunso

1. Kodi anthu a ku Denmark akonda makandulo chifukwa ninji pa mwezi wa Disembala?
2. Fotokozani m'mene ana awerengera masiku otsala kuti Khirisimasi ifike.
3. Kodi wopeza mtedza wa almond achita chiani, ndipo atero chifukwa ninji?
4. Kodi banja lichita chiani lisanamasule mphatso?
5. Einar Holbøll anali yani, ndipo maganizo ake anathandiza bwanji ana odwala?